Chibaba cha a Gerishomo

Limbe
26 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo. Ife kuno tilipo. Mdzukulu wanu Pilirani wayamba kukwawa, koma chifuwa chimene anabwera nacho kuchokera kwanuko pa Isitala chinatizunza masabata awiri. Kuchipatala akuti ndi mphumu. Adokotala anandifunsa ngati panyumba pali wosuta fodya. Ndinawayankha kuti kwathu ku Limbe palibe, koma kwa agogo ake ku Kachulu kuli fakitale ya utsi yosatseka ngakhale Lamulungu.

Ndalemba kalata chifukwa ndikaimba foni amayankha ndi abambo, ndipo amaikweza mawu kuti mudzi wonse udziwe kuti anabereka mwana wogwira ntchito m'tauni. Zimene ndikufuna kunenazi si za mudzi wonse.

Amayi, abambo angomaliza kumene mankhwala a chifuwa chachikulu. Munali pomwepo pamene anauzidwa kuti mapapo awo sangapirirenso fodya. Atangotuluka m'chipatalamo anakhala pansi pa mtengo wa pageti n'kuyamba kupichira chingambwe. Masana amawamba milamba pa ng'anjo, madzulo amadziwamba okha. Sindikudziwa kuti akufuna tidzawagulitse pamsika uti.

Kalatayi ndapatsira a Ayuba a minibasi pamodzi ndi kaphukusi. Muli timapulasitala ta nikotini, chinthu chija cha mu fodya chimene chimabweretsa chibaba. Azimata kamodzi m'mawa uliwonse, paphewa kapena pachifuwa, mawa lake n'kuchotsa, kumata kena pamalo ena. Kamalowetsa nikotiniyo pang'onopang'ono kudzera pakhungu kuti thupi lisachite zionetsero utsi ukasowa. Mulinso chingamu cha ntchito yomweyo, chotafuna chibaba chikabwera mwadzidzidzi. Malangizo onse ndalemba papepala lina.

Koma kufamase kumene ndimagwira ntchito ndaona anthu ambiri akugula zimenezi n'kubwereranso ku ndudu, chifukwa pulasitala sayankhula ndi munthu. Choncho ndawalembetsa ku bungwe lina la kuno limene limalangiza osuta fodya pa foni. Mayi wina dzina lake Sauda aziwaimbira Lachiwiri lililonse folo koloko, kwa miyezi inayi. Foniyo izikhala ndi moto.

Muwauze mwa njira yanu kuti Pilirani sindibweranso naye kufikira utsi utatha m'nyumbamo. Sindikuopseza ayi, ndinamuona mwanayu akulephera kupuma.

Nanga mpunga mwayamba kumweta? Mundilembere.

Ndine mwana wanu,
Dorothy


Kachulu
13 Juni 2024

Dorothy mwana wanga,

Kuno tadzuka, kaya inu ndi kamwanako. Mpunga tamweta, mbalame zatisiyirako wokwanira.

Kaphukusi kako kanafika, ndipo ndaona kuti kusukulu sunapite pachabe. Munthu wa mano asanu ndi limodzi wamutumizira chingamu.

Pulasitala woyamba abambo ako anamata pabondo, ati ndi pamene pamawawa. Nditawawerengera pepala lako anati ngati mmodzi amathandiza, awiri athandiza msanga. Anamata awiri, n'kuyatsa chingambwe pamwamba pake kuti ayese mphamvu ya mankhwala. Mphamvuyo anaiona. Anasanza kuseri kwa ng'anjo, thukuta lili kamukamu, akuti dziko likuzungulira. Atapeza bwino anati mwana wawo akufuna kuwapha kuti atenge dimba.

Tsopano za mayi wako wa pafoni uja. Ine zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala ndikunena kuti fodya ameneyu adzakuphani. Ndanena ndili m'khitchini, ndanena ndili pa mphasa, ndanena pobwera kumaliro. Yankho lake linali kundipemerera utsi kumaso. Lero kamtsikana ka ku Blantyre kosadziwa ndi fungo la matemba lomwe kangoimba kawiri, ndipo ukamve bambo wako: inde mayi, zoona mayi, ndamva mayi. Sindinadziwe kuti m'kamwa mwawo muli mawu aulemu otere. Anawabisa kuti zaka zonsezi?

Ukudziwa kuti netiweki kwathu kuno imapezeka pa chulu cha kuseri kwa nyumba ya a Makisoni, mnzawo wa bawo uja. Lachiwiri likafika, abambo ako amasamba thuu koloko. Amavala malaya a kutchalitchi, kupesa tsitsi latsalalo, n'kukwera chulu ngati akukalandira nduna. Ndinawafunsa ngati foniyo imanunkhiza. Anati ndilibe chitukuko.

Amakhala pamenepo nthawi yokwana kuphika nyemba. Ine amandiyankhula mawu atatu patsiku: madzi, ndiwo, machesi. Ndiye undiuze bwino, mwana wanga, kuti bungwe limeneli limasiyitsa anthu fodya kapena akazi awo.

Fodya sanasiye. Akuti Sauda wawoyo wanena kuti asathamange, ayambe asankha tsiku. Ine ndikanati ndinene zomwezo, akanati ndikuwalamulira.

Za Pilirani ndinawauza. Tsiku limenelo anakasutira panja.

Amayi ako,
Esinati


Kachulu
30 Juni 2024

Dorothy,

Ndine bambo wako Gerishomo, amene ndamva kuti ndikufa. Uthengawu unandipeza mochedwa, iwe ndi amayi ako mutakambirana kale m'makalata. Zikomo pondidziwitsa. Ndikhulupirira kuti iwe ndi mdzukulu wanga muli bwino.

Ndinafuna kukana zonsezi. Tsiku loyamba ndinakwera chulu kuti ndikamuuze mayi wa pafoniyo kuti agogo anga anayenda pansi kuchokera ku Mozambiki kaliwo ali kukamwa, ndipo anamwalira ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi anayi. Sanatsutse. Anangondifunsa kuti anzawo amene ankasuta nawo anafika zaka zingati. Ndinayamba kuwatchula mmodzimmodzi, ndipo nditafika pa wachinayi ndinasintha nkhani.

Amayi ako akuganiza kuti mayiyu amandiuza za uchi. Sandiuza kanthu, amangofunsa. Anandifunsa kuti fodya woyamba ndimasuta nthawi yanji. Ndinati mapazi asanaponde pansi. Anafunsa kuti wovuta kumusiya kwambiri ndi uti, wam'mawa, wa pambuyo pa chakudya, kapena wa pa bawo. Dorothy, anthu akhala akundiuza kuti ndisiye kuyambira iwe usanabadwe, koma palibe amene anandifunsapo funso. Abusa amanena kuti ndi tchimo, amayi ako amati ndi fungo, adokotala amati ndi imfa. Zonsezo ndinkazidziwa kale.

Akuti chibaba chikabwera sichikhalitsa, chimadutsa madzi a tiyi asanawire, bola munthu upeze chochita ndi manja. Ndiye ndayamba kusoka maukonde a anthu pa doko. Amuna anzanga akuti ndalowa penshoni.

Ndinamufunsa kuti mwa anthu onse amene amawaimbira, amasiya ndi angati. Anandiuza mosabisa kuti ambiri amabwerera ku fodya ulendo woyamba, ena kachiwiri, ena kachitatu, koma kuti amene amagwiritsa pulasitala ndi foni pamodzi amachita bwinoko kuposa amene amangolumbira pakamwa. Munthu wotsatsa malonda ake motere pa Kachulu pano angagone ndi njala. N'chifukwa chake ndinamukhulupirira.

Tsiku ndasankha. Ndi pa 6 Julaye. Dziko lathu linalandira ufulu tsiku limenelo ndipo mpaka lero likutsokomola, ndiye ine ndikalephera sindikhala ndekha.

Mapulasitala amene alipo ndi a masiku khumi ndi awiri, chifukwa ena ndinaononga pophunzira ndipo atatu ndinapatsa a Makisoni. Utumize ena msanga. Chingamu ine sinditafuna, koma chikutha chokha m'kabati. Zikuoneka kuti makoswe a m'nyumba muno nawonso akusiya fodya. Ndikuwafunira zabwino.

Umupsompsone Pilirani. Umuuze kuti agogo ake ali pa sukulu.

Bambo wako,
G.


Kachulu
25 Julaye 2024

Dorothy,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Kaya uli moyo, sitikudziwa. Masabata atatu ndakhala ndikupita pa siteji kukayang'ana minibasi ngati mtsikana wodikira chibwenzi, koma a Ayuba sakuoneka, kalata yako palibe, kaphukusi palibe. Unayambitsa ntchito n'kutisiya pakati pa nyanja.

Pa 6 paja anasiyadi. Fodya yense anamutaya m'chimbudzi ine ndikuona. Masiku atatu oyamba nyumba inali ngati muli njati. Anakalipira nkhuku, anakalipira wailesi, anakalipira chitseko kuti chikulira. Ine anandiuza kuti ndimapuma mokweza. Koma anapirira, ndipo sabata yachiwiri chifuwa chija chinayamba kuchepa. Ndinayamba kuchapa makatani ndikuganiza za Pilirani.

Pa 17 pulasitala womaliza anatha. Anakhala masiku asanu ndi limodzi opanda kanthu, akuyenda uku ndi uku pabwalo ngati mbuzi yomangidwa.

Lachiwiri lapitali anakwera chulu osasamba n'komwe. Ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Ndinatenga chingwe ngati ndikukatola nkhuni, n'kukaima kuseri kwa chulucho. Inde, ndinamvetsera. Ukandiweruze ukadzakwanitsa zaka makumi atatu m'banja.

Ndinkayembekezera kumva zachikondi, ndipo ndinali nditakonzeka ndi mawu anga. Koma ndinamva dzina la mlongo wako Madalitso.

Dorothy, papita zaka khumi ndi chimodzi chimirire mwana uja m'nyanjamu, ndipo abambo ako sanatchulepo dzina lake m'nyumba mwanga ngakhale kamodzi. Chithunzi chake anachitembenuza n'kuchiika pansi pa sutikesi. Ine ndikayamba nkhani yake, iwo amatuluka. Koma Lachiwiri anaima pa chulu, dzuwa likuswa mtengo, akuuza munthu amene sanamuonepo nkhope. Anati tsiku lija mwera unali ukuomba, eni mabwato ena atakana kuwoloka, ndipo ndi iwo amene anamutuma Madalitso ku chilumba cha Chisi kukatenga milamba chifukwa anali atalonjeza wogula wa ku Zomba. Anati masiku atatu amene anthu ankafunafuna thupi, iwo anakhala pa doko akupichira fodya, wina akatha kuyatsa wina. Ndinawamva ndi makutu angawa akunena kuti, "Mayi, manja anga akangokhala opanda kanthu, ndimaona bwato lija likuchoka."

Ndinabwerera kunyumba opanda nkhuni.

Ine sindinkadziwa kuti anamutuma ndi iwo. Ndabereka nawo ana, ndawasamala pa chifuwa chachikulu, ndatsuka mbale imene ankalavuliramo. Koma nkhani ya mwana wanga yakamveka ku Blantyre, kwa mlendo wolandira malipiro pa kumvetsera. Bola akanakhala chibwenzi, ndikanadziwa chochita naye.

Dzulo m'mawa ndinawapeza kuseri kwa ng'anjo ndi a Makisoni, utsi uli tolotolo. Fodyayo anapichira m'pepala la malangizo ako lija. Usadandaule, kulemba kwako kwagwira ntchito.

Lachiwiri likubwerali foniyo ndiyankha ndine.

Esinati


Limbe
3 Ogasiti 2024

Amayi,

Ndili moyo, zikomo pofunsa mwachikondi chotere. Pilirani alinso bwino, watulutsa mano awiri, posachedwa awapeza agogo ake.

Kaphukusi ndinatumiza pa 10 Julaye. Minibasi ya a Ayuba inafera pa msewu tsiku lomwelo, anaikokera ku galaja ku Zomba, ndipo mapulasitala a abambo akhala pansi pa mpando masabata atatu akusiyitsa fodya akangaude. A Ayuba ankaganiza kuti muli sopo. Kalata yanu yandipeza dzana kudzera kwa dalaivala wina, ndipo ndi m'mene ndinadziwira. Ndinalakwa kusaimba foni, ndinkaopa kuti ndikafunsa abambo aziona ngati ndikuwalondalonda. Tsopano ndatumiza a miyezi iwiri nthawi imodzi: aakulu ayambe, apakati atsatire, ang'onoang'ono amalize.

Za achimwene a Mada ndawerenga katatu. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndikukumbukira kuti maliro atatha m'nyumba mwathu munangoti zii, ndipo ndinkachita homuweki kwa anzanga chifukwa ndinkaopa phokoso la pensulo yanga. Inu mukuti abambo sanayankhule. Amayi, inunso simunayankhule. Munkangonena za fodya wawo, m'mawa ndi madzulo, ngati m'nyumbamo munalibe nkhani ina.

Ndipo poti tayamba kunena zoona, mfundo ija ya pakona ya chitenje chanu si ya mchere, ndi ya fodya. Ndinaiona koyamba chaka chomwe chija. Mumapita kuseri kwa nkhokwe, n'kutsina pang'ono, kuika kuseri kwa mlomo, kenako n'kubwera kudzalalikira abambo za fungo. Sindinanene kwa munthu aliyense. Koma abambo atandilembera za makoswe amene akudya chingamu, ndinadziwa kuti khoswe wake amavala duku loyera Lachinayi popita ku mvano. Ndaonjezera mapaketi awiri. Musatafune ngati chimanga chokazinga. Mutafune pang'ono, chikayamba kuyabwa muchisunge m'tsaya.

Chonde musawatukwane a Sauda. Ngati mwawatukwana kale, mundiuze kuti ndikapepese.

Mwana wanu,
Dorothy


Kachulu
9 Ogasiti 2024

Dorothy mwana wanga,

Tadzuka. Katundu wafika, ndi kalata yako ya ulemu ija. Ndaona kuti ndinalera wapolisi m'nyumba osadziwa.

Kupepesa usavutike nako. Imva m'mene zinayendera.

Lachiwiri la pa 30 abambo ako anakwirira foni m'thumba la mpunga. Anati sangayankhe, akamuuza chiyani mayi uja pamene abwerera ku fodya. Mwamuna amene sanachitepo manyazi ndi ine anachita manyazi ndi foni. Ndinaifukula, ndinamanga chitenje bwinobwino, n'kukwera chulu ndi mawondo angawa. Akazi a a Makisoni anasiya kupeta mpunga kuti aonerere.

Itaitana ndinayamba ndine. Ndinamuuza kuti ndine mwini wake wa mwamuna amene amamusambitsa Lachiwiri lililonse. Ndinanena zambiri, zina sindingalembe chifukwa kalatayi imadutsa m'manja mwa Asilamu oopa Mulungu ngati a Ayuba. Iye anandisiya ndinene mpaka mpweya unandithera. Kenako anandipatsa moni. Dorothy, si kamtsikana ayi. Ndi mayi wa zidzukulu zitatu, mawu okhawo ndiwo ang'ono.

Ndinamulamula kuti andiuze zonse zimene abambo ako akhala akumuuza. Anakana mwaulemu, ati zimenezo ndi za eni ake, monganso zanga zingakhale zanga. Ndinati ine ndilibe zanga. Ndiye anati, "Mayi, abambowo ndimawafunsa ine sabata iliyonse. Nanga inu amakufunsani ndani?"

Ndinafuna kumuyankha zoti akakumbukire mpaka Khirisimasi, koma ndinangokhala pansi pa chulu pomwepo, nyerere zikundiluma, n'kuyamba kulankhula ngati wailesi. Za fodya wa m'chitenje ndinamuuza. Ndinamuuzanso chimene sindinauzepo munthu, ndipo tsopano ndikuuza iwe.

M'mawa wa tsiku lija ndinakangana ndi Madalitso. Anadzuka mochedwa, ndipo ndinamunena kuti ndi mlesi, mwamuna wa zaka makumi awiri wongodya za makolo. Phala linali pamoto. Anatuluka osadya. Atabwera anthu kudzanena za bwato, ine ndinadziwa kuti wawoloka pa mwera kuti andionetse kuti si mlesi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza kuti abambo ako anamva mkanganowo, ndipo kuti kukhala chete kwawo ndi mlandu wanga. Pamene iwo akuganiza kuti kulalata kwanga ndi mlandu wawo. Taona nzeru za makolo ako.

A Sauda sanandiuze kuti si vuto langa, kapena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, zimene ndikanamva kwa amayi a mvano. Anangomvetsera. Pomaliza anati kubwerera ku fodya si kutha kwa nkhani, ambiri amatero, ndipo ndiwapatsire foni abambowo. Ndinatsika nayo mothamanga, netiweki n'kuthawa. Ndinawapeza pakhonde ndipo ndinawauza kuti akwere okha, ine si mtumiki wa chibwenzi chawo. Anakwera ngati mwana wopita kwa ahedi, ndipo a Sauda anaimbanso.

Anagwirizana kuti katundu akangofika ayambirenso. Ayambiranso dzana, pa 7. Pulasitala ndikumata ndine, kumsana, kumene sangamuchotse.

Zimene ndinamva kuseri kwa chulu sindinawauze, ndipo za phala lija sakudziwa. Usandifulumize.

Amayi ako,
Esinati


Kachulu
15 Seputembala 2024

Dorothy,

Moni kwa iwe ndi mdzukulu wanga. Wakufa uja adakalipo.

Lero ndi tsiku la makumi anayi. Ndichotsepo maliro a kwa a Meshack, kumene wina anandipatsira ndudu ndipo ndinakoka kawiri ndisanakumbukire kuti ndine munthu wosiya. Ndinakaulula Lachiwiri lake. A Sauda anati tisayambirenso kuwerenga, koma ndiganize chimene ndidzachite pa maliro ena. Tsopano ndimapita ndi mtedza m'thumba. Anthu akulira, ine ndikusenda mtedza. Mbiri yanga m'mudzi muno yakwera kwambiri.

Ndili pa mapulasitala apakati. Ndikutha kukwera chulu osaima panjira. Lilime layambanso kumva kukoma, ndipo ndazindikira kuti amayi ako akhala akuchulutsa mchere m'ndiwo kwa zaka makumi atatu. Nditanena, anati ndibwerere ku fodya. Pa ng'anjo ndachepetsa, chifukwa akuti utsi wa nkhuni nawonso si mpweya wa kumwamba. Ndikuyanika matemba.

A Makisoni anamata atatu aja ndinawapatsa, anasiya masiku asanu, lero akusuta kuposa kale ndipo akulengeza pa doko kuti mankhwala a azungu ndi abodza. Ndinawauza kuti alembetse za foni. Akuti iwo sangauze mkazi wa eni zakukhosi. Bawo tikusewerabe, koma ndimakhala kumene kukuchokera mphepo.

Khoswe wa chingamu uja anagwidwa. Anadziulula yekha, akumata pulasitala kumsana kwanga kuti ndisamuone nkhope. Zaka khumi ndi chimodzi ndikulalikidwa ndi munthu wa fodya m'kamwa. Ndinafuna kuseka mpaka mawa, koma atatchula chaka chimene anayamba, kuseka kunatha. Tsopano m'nyumba muno tili odwala awiri opanda namwino. Chibaba chikatigwira nthawi imodzi, nkhuku zimasamukira kwa aneba.

Chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Foni yomaliza ndi ya pa 24 mwezi uno. Ndinapempha kuti aonjezere, ndinati ndine wophunzira wochedwa kumva. A Sauda anaseka, n'kunena kuti pamzere pali anthu ambiri amene akudikira, ndipo kuti ine ndili ndi munthu pafupi amene angathe kumvetsera kuposa iwo. Ndinati mayi, munthu ameneyo simukumudziwa. Anati akumudziwa pang'ono.

Sindikudziwa chimene anakambirana tsiku lija. Koma amayi ako masiku ano amandiyang'ana ngati pali chimene akufuna kunena, kenako amafunsa ngati ndatsekera mbuzi. Ife tilibe mbuzi chiyambire chaka chatha.

Pali zinthu zina, mwana wanga, zimene munthu umatha kunena pamene sukuona maso a mnzako. Pulasitala wa zimenezo kufamase kwanu kulibe.

Bambo wako,
G.


Kachulu
4 Okutobala 2024

Dorothy mwana wanga,

Tili bwino, kutentha kokha. Nyanja yayamba kuthawa doko, mabwato akukocheza kutali.

A Sauda anatsanzika pa 24 monga ananenera. Abambo ako anatsika pa chulu ali ndi nkhope ya munthu wochotsedwa ntchito. Sabata yonse anali olusa, ndipo Lolemba ndinawaona ataima nthawi yaitali pafupi ndi mayi wogulitsa chingambwe pa doko, akufunsa mtengo wa tomato amene mayiyo sagulitsa.

Lachiwiri lapitali, thuu koloko itakwana, anasamba. Anavala malaya aja. Ndinawakumbutsa kuti sukulu inatsekedwa, iwo anati akungopita kukapitidwa mphepo. Mphepo ya mwezi uno, pa chulu, folo koloko. Anakakhala pamwamba paja foni ili m'manja, akuiyang'ana ngati mbedza. M'thumba la malaya munali motukuka, ndipo mtedza sutukuka choncho. Anali machesi.

Ndinapita kwa aneba athu amake Lyson kukabwereka foni. Pa masitepe a tchalitchi netiweki imagwirako pang'ono, ndipo ukaima pamenepo chulu chimaoneka patali. Ndinawaona akudzidzimuka, akupukuta dzanja pa buluku asanayankhe. Anafunsa kuti ndani.

Ndinati, "Ndine wa bungwe la kunyumba kwanu. Abambo a Madalitso, sabata ino mwayenda bwanji?"

Ukudziwa kuti ndi m'mene ndinkawaitanira iwe uli mwana, ndipo ndinasiya tsiku la maliro. Ndinkawaona atavula chipewa, atachiika pabondo.

Kenako anati, "Amake Mada, mwana uja ndinamutuma ndine."

Ndinawauza kuti ndikudziwa, ndinali kuseri kwa chulu ndi chingwe cha nkhuni. Ndipo ndinawauza za phala. Anati mkanganowo sanaumve n'komwe, anali kale pa doko. Anati Mada anafika akuseka, ali ndi chinangwa chootcha m'manja chimene anagula panjira, ndipo anawagawirako asanakwere bwato.

Dorothy, mwana wanga anadya. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikumuona akumira ndi njala.

Sindikudziwa kuti tinalankhula nthawi yaitali bwanji. Mayunitsi a amake Lyson anatha tili pakati pa nkhani ya njinga imene Mada anaigwetsera m'ngalande ali sitandade sikisi. Aliyense anabwerera kunyumba njira yake. Tinadya osayang'anana, ngati anthu amene akumana koyamba. Machesi aja anawaika okha pa alumali m'khitchini, ati ndi a mbaula.

M'mawa mwake anatenga khasu osanena kumene akupita. Ndinatenga tsache n'kuwatsatira. Manda a mlongo wako tsopano ndi oyera, ndipo chithunzi chake chili pakhoma, ngakhale abambo ako anachipachika chopendekeka.

Ukafunsa ngati asiyiratu, sindikulonjeza. Lero ndi masiku makumi asanu ndi asanu ndi anayi, ali pa timapulasitala tating'ono, ndipo a Sauda ananena okha kuti mayeso enieni ndi miyezi ya kutsogoloku. Ine ndaterereka kawiri, usandilembere ulaliki. Koma m'nyumba muno mulibe utsi, mabulangete ndachapa, ndipo abambo ako apanga kampando kakang'ono kamene miyendo yake siyofanana. Ubwere naye mwanayo mvula isanayambe, msewu usanaonongeke. Ubweretsenso kafoni kotchipa, amake Lyson ayamba kubisala akandiona.

Tikubwera kumanda kuja anandifunsa, akuyang'ana kumbali, ngati Lachiwiri likubwerali ndiimbanso. Ndinawauza kuti ndiona, pamzere pali anthu ambiri.

Amayi ako,
Esinati